Chifukwa Chake Mumatsekeredwa Polowa mu Akaunti za pa Intaneti Ngakhale Musanalakwitse

Alimi, ochita malonda ndi anthu ena onse amene amalandira thandizo kudzera pa intaneti, kaya la boma, la banki kapena la makampani, nthawi zina amakumana ndi uthenga wonena kuti ayesa kulowa kambirimbiri, choncho ayambe adikira. Kawirikawiri uthengawu umabwera m'Chingerezi, ndipo pa masamba ena pamangooneka nambala yakuti 429. Chimene chimazunguza mutu anthu ambiri n'chakuti uthengawo ukhoza kumufika munthu amene wangoyesa kamodzi kokha, ndiponso mawu ake achinsinsi wawalemba molondola. Nkhaniyi ikufotokoza gwero la vutoli, mmene malire oterewa ayenera kuikidwira kuti asalange osalakwa, ndi zimene mungachite zikakugwerani.

Chifukwa chake pamakhala malire

Aliyense amene ali ndi foni anakumanapo kale ndi malire a mtundu uwu. Mukalakwitsa katatu nambala yachinsinsi ya simukhadi, simukhadiyo imatsekeka ndipo imafuna nambala ina yotchedwa PUK. Mukalakwitsanso PUK kakhumi, simukhadiyo yatha ntchito. Makina ambiri otapira ndalama ku banki nawonso amatseka khadi munthu akalakwitsa katatu. Cholinga chake n'chimodzi, kuti amene watola kapena kuba chinthu chanu asakhale ndi mpata womangoyesa manambala mpaka atapeza yolondola.

Pa intaneti nkhaniyi imakula chifukwa woyesayo nthawi zambiri sakhala munthu wogogoda mabatani ndi zala. Imakhala pulogalamu ya kompyuta imene sitopa ndiponso sigona. Nambala yachinsinsi ya manambala anayi ingalembedwe m'njira 10,000 zokha, kuyambira 0000 kufika 9999. Pulogalamu yoyesa kakhumi pa sekondi iliyonse ingamalize njira zonsezo m'mphindi zosakwana 17. Koma tsamba likati munthu akalakwitsa kasanu adikire mphindi 15, ntchito yomweyo imatenga maola 500, amene ndi masiku pafupifupi 21, ndipo m'masiku amenewo mwini akaunti kapena oyang'anira tsamba amakhala atazindikira kuti pali chimene chikuchitika. Malire sagwira wakuba, koma amamuchedwetsa mpaka ntchito yake kukhala yosapindulitsa.

Mbava za pa intaneti zimayesa m'njira zingapo, ndipo kusiyana kwa njirazi ndi kumene kumavutitsa oika malire. Ina imasankha akaunti imodzi n'kumayesa mawu achinsinsi ambirimbiri. Ina imachita mosemphana: imatenga mawu amodzi amene anthu ambiri amawakonda, monga 123456, amene kwa zaka zambiri akhala akutsogola pa mindandanda ya mawu achinsinsi ofala kwambiri, n'kuwayesa pa maakaunti zikwizikwi, iliyonse kamodzi kokha. Inanso imagula mndandanda wa maina ndi mawu achinsinsi amene anabedwa ku tsamba lina, n'kumawayesa kwina, podziwa kuti anthu ambiri amagwiritsa ntchito mawu amodzimodzi paliponse. Mbava yoyamba ija imadziwika msanga mukamawerenga zolakwika pa akaunti iliyonse. Ziwiri zinazi sizioneka motero, popeza akaunti iliyonse yayesedwa kamodzi basi. Pachifukwa ichi oyang'anira masamba amayang'ananso kumene zoyesazo zikuchokera, ndipo chizindikiro chimene amakhala nacho pafupi ndi adiresi ya IP.

Adiresi ya IP ndi keyala, si dzina la munthu

Amene anakulira kumudzi akukumbukira mmene makalata ankayendera. Mudzi wonse unkalembetsa keyala imodzi, ya sukulu ya pulayimale kapena ya tchalitchi. Wa ku positi ankangodziwa nambala ya bokosi, ndipo amene ankadziwa kuti kalata iyi ndi ya uje, iyo ndi ya uje, anali aphunzitsi aakulu kapena abusa. Adiresi ya IP imagwira ntchito mofanana. Ndi nambala imene foni kapena kompyuta imaonekera nayo pa intaneti kuti yankho lidziwe kobwerera. Tsamba limene mukulowalo limaona keyalayo, koma siliona kuti kuseri kwake kuli munthu mmodzi kapena mudzi wathunthu.

Kugawana adiresiku kunabwera chifukwa cha kuperewera. Dongosolo la maadiresi limene likugwirabe ntchito kwambiri, lotchedwa IPv4, linalembedwa mu 1981, pamene intaneti inali ya masukulu aukachenjede ndi mabungwe ofufuza ochepa chabe. Lili ndi maadiresi 4,294,967,296, ndipo ena mwa amenewa anasungidwira ntchito zapadera. Chiwerengero cha anthu padziko lapansi chinapitirira 8 biliyoni mu 2022, osawerengera kuti munthu mmodzi akhoza kukhala ndi foni ndi kompyuta yomwe. Bungwe la IANA, limene limagawa maadiresi ku zigawo zisanu za dziko lapansi, linapereka magawo ake omaliza mu Febuluwale 2011. Bungwe logawa maadiresi mu Africa, la AFRINIC, limene likulu lake lili ku Mauritius, nalonso limagawa moumira amene anatsala.

Njira imene inapezeka ndi yobisa zipangizo zambiri kuseri kwa adiresi imodzi, ndipo akatswiri amaitchula kuti NAT. Mu ofesi, pa sukulu kapena m'malo olipira ogwiritsira ntchito intaneti, rauta imapatsa chipangizo chilichonse nambala yam'kati, nthawi zambiri yoyamba ndi 192.168, koma potuluka kunja onse amaoneka ngati mmodzi. Makampani a mafoni m'maiko ambiri amachitanso zomwezo pamlingo waukulu, kotero kuti makasitomala mazanamazana, nthawi zina zikwi, amene sadziwana ndiponso ali m'maboma osiyana, amatulukira pa adiresi imodzi. Mchitidwewu unafala kwambiri moti mu Epulo 2012 bungwe la IETF, limene limalemba miyezo ya intaneti, linapatula gulu la maadiresi oyamba ndi 100.64 kuti makampani aziwagwiritsa ntchito m'kati mwa manetiweki awo. Poti kuno ku Malawi anthu ochuluka amalowa pa intaneti kudzera pa foni, tingati ambiri a ife tili pa keyala ya sukulu ija ngakhale sitikudziwa.

Tiyerekeze kuti tsamba lina laika lamulo lakuti adiresi imene yalakwitsa kakhumi pa ola limodzi itsekedwe. Kalabu ya alimi 60 yasonkhana pa ofesi ya mlangizi kuti aliyense alowe mu akaunti yake, ndipo onse akugwiritsa ntchito Wi-Fi ya pomwepo. Ena sanalowepo kwa miyezi, ena maso akuwavuta pa timabatani ting'onoting'ono, ena sanaone kuti chilembo choyamba chasanduka chachikulu. Anthu khumi okha akalakwitsa kamodzikamodzi, malire akwana. Otsala 50, amene ayenda mtunda wautali n'kusiya ntchito kumunda, abwerera osathandizidwa, chikhalirecho palibe ndi mmodzi yemwe anali ndi cholinga choipa. Pa netiweki ya foni ziposa apa, chifukwa amene wamaliza malirewo akhoza kukhala munthu wa ku Karonga pamene wotsekeredwayo ali ku Nsanje.

Zoterezi zinachitikirapo dziko lathunthu. Kumayambiriro kwa Januwale 2007, woyang'anira wina wa Wikipedia anatseka adiresi imodzi imene inkachokera zolemba zosokoneza. Zinadziwika kuti anthu ambiri a m'dziko la Qatar ankatulukira pa adiresi yomweyo, popeza kampani yopereka intaneti kumeneko inali imodzi yokha, ya Qtel. Onse amene analibe akaunti ya Wikipedia analephera kulembapo kanthu mpaka chiletsocho chitachotsedwa patapita maola angapo. Olakwa anali ochepa, koma chilango chinagwera mtundu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mbava yochenjera siivutika ndi malire a adiresi. Imakhala ndi makompyuta ndi mafoni a anthu ena amene inawalowetsa mapulogalamu oipa eni ake osadziwa, kapena imachita lendi maadiresi ambirimbiri, n'kumayesa kamodzi kuchokera apa, kamodzi kuchokera apo. Malire owerengera adiresi yokha amagwira mlimi ali pa mzere n'kusiya wakuba akudutsa.

Malire achilungamo

Mfundo yoyamba imene akatswiri amagwirizana ndi yakuti zolakwika ziziwerengedwa pa akaunti. Bungwe la OWASP, limene limalemba malangizo a chitetezo cha masamba a pa intaneti, limanena zomwezi: chiwerengero cha zolakwika chimangiriridwe ku akaunti, osati ku adiresi kumene woyesayo akuchokera. Bungwe la boma la America loona za miyezo, la NIST, m'malangizo ake a 2017 linati akaunti imodzi isaloledwe kulakwitsa motsatizana kopitirira ka 100. Chiwerengerochi chimadabwitsa amene anazolowera katatu ka ku banki, koma 100 ndi denga chabe, ndipo malangizo omwewo amalimbikitsa njira zochedwetsa woyesayo asanafike pamenepo. Mukawerenga pa akaunti, kulakwitsa kwa mnzanu sikukukhudzani ngakhale mutakhala pa benchi imodzi.

Komabe njira imeneyi ili ndi msampha wake. Ngati akaunti imatsekeka ikalakwitsidwa kasanu, aliyense wodziwa nambala yanu ya foni kapena dzina limene mumalowera akhoza kukutsekerani dala, pongolemba zachabechabe kasanu. Wamalonda amene akufuna kupereka mitengo yake tsiku lomaliza akhoza kupezeka atatsekeredwa ndi mnzake wopikisana naye. N'chifukwa chake kutseka kotheratu, kofuna kuti munthu akwere minibasi kukaonekera ku ofesi, kuyenera kukhala kwa pamapeto penipeni. Chabwino ndi kuchedwetsa pang'onopang'ono. Kulakwitsa koyamba munthu adikire sekondi imodzi, kwachiwiri masekondi awiri, kwachitatu anayi, nthawi izingowirikiza choncho. Amene wangophonya chilembo saona n'komwe kuti wadikira. Pofika kakhumi kudikirako kwakwana masekondi 512, kupitirira mphindi zisanu ndi zitatu, ndipo pofika ka 20 ndi masiku asanu ndi limodzi. Masamba ambiri amaika polekezera kuti nthawiyo isakule mopitirira muyeso.

Njira inanso yoteteza mwini akaunti ndi kuzindikira chipangizo chake. Mukalowa bwinobwino koyamba, tsamba limasiya kachizindikiro kobisika m'foni kapena m'kompyuta yanu. Tsiku lina pakabwera chipwirikiti cha zoyesa kuchokera ku zipangizo zachilendo, tsambalo limachedwetsa zachilendozo, koma foni yanu, imene ikudziwika kale, imakhala ndi chiwerengero chakechake ndipo imaloledwa. N'chimodzimodzi mlonda wa pa geti amene amaumitsa mafunso kwa alendo koma wapanyumba amangomutsegulira. Phindu lake limachepa kwa anthu amene alibe foni yawoyawo ndipo amabwereka kapena kulowera pa kompyuta ya gulu, ndiye njirayi payokha siikwanira.

Kodi ndiye kuti adiresi isamawerengedwe konse? Ayi. Mbava yoyesa mawu amodzi pa maakaunti ambiri ija imaonekabe bwino poyang'ana kumene ikuchokera. Chofunika ndi kuwerenga mwanzeru. Malire a adiresi akhale otakasuka kwambiri kuposa a akaunti. Aziwerenga zolephera zokha, chifukwa kulowa kopambana si umboni wa choipa. Aziyang'ananso kuchuluka kwa olephera poyerekeza ndi opambana. Pa ofesi ya mlangizi ija, mwa anthu 60 ambiri alowa, ndipo olakwitsa aja alowanso poyesa kachiwiri. Pa adiresi ya mbava, maakaunti mazana ayesedwa, pafupifupi onse alephera, ndipo ambiri mwa mainawo kulibe n'komwe. Zithunzi ziwirizi n'zosiyana kwambiri, ndipo pulogalamu yolembedwa bwino imatha kuzisiyanitsa. Malirewo azikhalanso okhululuka: mipata yoyesera izibwerera pang'onopang'ono nthawi ikamapita, monga madzi amabwerera pachitsime anthu akasiya kutunga, m'malo motseka adiresi kwa tsiku lathunthu.

Adiresi ikayamba kukayikitsa, yankho loyenera ndi kuwonjezera funso m'malo motseka khomo. Funso lofala ndi lija lokuuzani kuti musankhe zithunzi kapena mulembe zilembo zopindikapindika posonyeza kuti ndinu munthu, lotchedwa CAPTCHA. Lili ndi zovuta zake, ndipo oika malire sayenera kuzinyalanyaza. Zithunzi zimadya bandulo ndipo zimachedwa kutseguka kumene netiweki ili yofooka. Anthu osaona kapena oona movutikira amalephera nazo. Zina zimafunsa zinthu za m'misewu ya ku America, monga mipope yozimitsira moto ya m'mbali mwa msewu, imene munthu wa kwathu kuno sanaionepo. Funso lina ndi nambala yogwira ntchito kamodzi imene imatumizidwa pa foni ya mwini akaunti. Imeneyi ndi yolimba kuposa zithunzi, ngakhale imasowetsa mtendere pamene uthenga wachedwa kufika ndipo nambalayo yatha mphamvu.

Ena amakonza vutoli polemba maadiresi a maofesi odziwika kuti asamatsekedwe. Zimathandiza pa tsiku limene anthu ambiri asonkhana malo amodzi, koma tinene mosabisa kuti zimakomera amene ali pafupi ndi ofesi. Mayi wogulitsa tomato amene akulowera pa foni yake ali pamsika sapindula nazo, chonsecho iyeyo ndi amene akugawana adiresi ndi anthu ochuluka zedi.

Chilungamo chimaonekeranso m'mawu a uthenga. Nambala 429 ija inakhazikitsidwa ndi IETF mu 2012, ndipo muyezo wake umalola tsamba kunena nthawi imene munthu ayenera kudikira. Uthenga wabwino umatchula nthawiyo momveka, m'chinenero chimene wowerenga akumva, ndiponso umaonetsa njira ina yopezera thandizo. Pali chinthu chimodzi chimene masamba ambiri amabisa dala: sanena ngati cholakwika ndi dzina kapena mawu achinsinsi. Izi zimakwiyitsa, koma kunena kuti dzina ili lilipo n'kuuza mbava kuti yapeza khomo loyenera kugogoda.

Dongosolo latsopano la maadiresi, la IPv6, lili ndi maadiresi ochuluka moti chipangizo chilichonse chingakhale ndi yakeyake. Makampani akuluakulu a intaneti analiyatsa kotheratu pa 6 Juni 2012, koma kufala kwake kukuyenda mosiyana dziko ndi dziko, choncho kugawana adiresi kukhalapobe kwa nthawi.

Zikakuchitikirani

Mukaona uthenga woti mwayesa kambiri, lekani kuyesa. Pa masamba ambiri kuyesa kulikonse kumatalikitsa nthawi yodikira, ndiye kugogoda batani mobwerezabwereza n'kudzikumbira dzenje. Dikirani nthawi imene yatchulidwa, ndipo ngati sinatchulidwe, yesaninso pakapita mphindi 15 kapena 30. Ngati muli pa Wi-Fi ya gulu, zimitsani Wi-Fiyo n'kulowera pa bandulo yanu, popeza potero mumatulukira pa adiresi ina. Pa netiweki ya foni, kuzimitsa ndi kuyatsanso foni nthawi zina kumakupatsani adiresi yatsopano. Zimenezi zikathandiza, dziwani kuti vuto linali adiresi, akaunti yanu ili bwino. Zikapanda kuthandiza, mwina chimene chatsekedwa ndi akauntiyo. Pamenepo, ngati mawu achinsinsi simukuwakumbukira bwino, gwiritsani ntchito njira yosinthira mawu oiwalika m'malo molota.

Atsogoleri a makalabu, makopaletivi ndi magulu a amalonda amene amasonkhanitsa anthu kuti alowe limodzi angachite bwino kuwagawa m'timagulu ting'onoting'ono, ndi kuwakumbutsa pasadakhale kuti aliyense abwere akudziwa dzina lolowera ndi mawu ake. Ntchito imene ili ndi tsiku lotsekera musaidikirire tsiku lomaliza, chifukwa ndi pamene anthu amaunjikana pa maadiresi omwewo. Mukagwiritsa ntchito kompyuta ya gulu, tulukani mu akaunti musanaimirire, ndipo musalole kuti kompyutayo isunge mawu anu achinsinsi.

Chenjerani ndi anthu amene amapezerapo mwayi pa kutsekeredwaku. Wina akakuimbirani foni kapena kukulemberani uthenga kuti akutsegulirani akaunti mukamuuza mawu achinsinsi kapena nambala imene yangofika pa foni yanu, ameneyo ndi wakuba. Wogwira ntchito weniweni wa boma, wa banki kapena wa kampani ya mafoni safunikira mawu anu achinsinsi kuti akuthandizeni. Mukalandira uthenga wonena za kuyesa kulowa kumene inu simunachite, sinthani mawu achinsinsi nthawi yomweyo, ndipo muwasinthenso kwina kulikonse kumene mumagwiritsa ntchito mawu omwewo. Kulowa mu akaunti kapena mu kompyuta ya munthu wina popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo mungathe kukadandaula ku polisi kapena ku bungwe la MACRA.

Ngati kutsekeredwako kukubwerezabwereza pamene inu simukulakwitsa, kadziwitseni eni tsambalo kudzera pa manambala kapena maofesi amene iwo analengeza. Lembani tsiku ndi nthawi imene zinachitika, dera limene munali, ngati munali pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya foni ndi kampani yake, komanso mawu enieni a uthenga umene munaona. Chithunzi cha uthengawo chimathandiza kwambiri. Ngati munali pagulu, tchulani kuchuluka kwa anthu amene ankalowa nthawi imodzi, chifukwa mfundo imeneyi ndi imene imaonetsa akatswiri kuti malire a adiresi aikidwa mothina. Mawu achinsinsi musawalembe m'dandaulolo.